Za botolo la adadi lija

Achemwali mwaswera bwanji kumeneko? Ndati ndijambule voice chifukwa zolemba zingatalike, manja atopa ndi ntchito. Ndi za botolo lija ndapatsira abambo ansembe, akuti afika Lachinayi, mukatenge nokha musatume ana.

Chonde chonde, vinyo ameneyu si wothira Fanta ayi, ndikuwadziwa alamu anga. Dzina lake ndi Barolo, ndi dzina la kamudzi kakuno ku Italy, m'chigawo cha Piemonte, kufupi ndi tauni ya Alba, kumapiri amene amati Langhe. Mphesa zake amati Nebbiolo, zomwe tikuthyola panopa mu Okutobala, zimachedwa kupsa kuposa zinzake zonse, moti m'mawa timalowa m'munda chifunga chili tolo, mnzako osamuona pamzere winawo. Ndiye lamulo lakuno ndi lakuti vinyoyu asagulitsidwe asanathe miyezi 38, ndipo 18 mwa imeneyo akhale ali mumigolo yamatabwa, ina ikuluikulu yoti munthu n'kulowamo. Kutanthauza kuti zimene ndathyola lero zidzamwedwa patatha zaka zitatu ndi kanthu. Eni ake akunowa samwa tsiku lililonse, pa chakudya wamba amamwa Dolcetto kapena Barbera, Barolo amatulutsa kukakhala alendo kapena Khirisimasi.

Tsono kasungidwe. Osaika mu firiji, komanso osaika pa display paja pamawomba dzuwa, ndikudziwa amayi afuna anthu aone. Ligonekeni chogona m'kabati, kuchipinda kozizirirako kwamdima, kuti chitsekero chake chisaume, chikauma mpweya umalowa vinyo n'kusasa. Ndi kutentha kwa mwezi unowu musasunge nthawi yaitali, tsiku la phwando la adadi likakwana tsegulani basi. Chotsegulira ndaika m'jumbo momwemo, chija chokhala ngati sikuluu, osati kukankha ndi mpeni. Mutsegule kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti mudye, akuno amati vinyo apume kaye.

Ndikuuzirenitu, pakamwa poyamba adadi akwinya nkhope. Amaumitsa mkamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, sanawonongeke ayi, ndi mmene alili, ndipo n'chifukwa chake samwa wopanda chakudya. Amafuna nyama yamafuta. Kuno amaphika ng'ombe mu vinyo yemweyo kwa maola angapo mpaka kudula ndi supuni, amati brasato, n'kudyera polenta. Polenta ndi nsima achemwali, ndinaseka tsiku loyamba, ufa wachimanga chachikasu, kungoti yofewa ngati yamwana ndipo amathira mchere ndi batala. Ndiye inu phikani ng'ombe ya msuzi wogwira, anyezi wambiri, moto wapang'onopang'ono pambaula, ndi nsima ya mgaiwa, zikwanira. Chambo ayi, sizigwirizana. Tsabola muchepetse.

Zina zomwe amadya kuno sindingakutumizireni. Pali bowa woyera womera pansi pa nthaka, amachita kusaka ndi agalu usiku, ku Alba kumakhala msika wake nyengo ino, kachidutswa ngati dzira mtengo wake mutha kugula mbuzi zingapo, amangopala pang'ono pamwamba pa pasta yawo ya mazira, tajarin. Fungo lake ine mpaka pano silinandilowe. Koma bagna cauda ndimaikonda, ndi adyo ndi tinsomba tamchere ngati usipa, kuphika mu mafuta a olive, aliyense kumasunsa masamba mmenemo.

Chomaliza, ndi wamphamvu, pafupifupi 14 peresenti, botolo limodzi likwana anthu asanu kapena sikisi, theka la tambula aliyense. Adadi ngati akumwabe mankhwala a BP aja afunse kaye kuchipatala. Botolo lopanda kanthu mundisungire, chaka chalembedwa pamenepocho ndi chaka chimene ndinafika kuno. Mukalandira mundiflashe, ndiimba Lamulungu tikaweruka.