Nambala ikakana kufanana ndi ya m'buku: malamulo a mu labu ya uinjiniya

[Pa sikirini: kyubu ya konkire ili m'makina oswera]

Takulandirani nonse, makamaka inu amene mukuphunzira uinjiniya, kaya ku MUBAS mu Blantyre, kaya ku MUST ku Thyolo, kaya kunja.

Kyubu mukuionayi ndi ya mamilimita 150 mbali zonse. Anaiumba masiku 28 apitawo, mawa lake anaichotsa m'chikombole n'kuimiza m'madzi mpaka lero. Tsopano makina akuifinya pang'onopang'ono. Konkireyi anaisakaniza kuti kulimba kwake kufike pa 25 MPa (MPa ndi muyeso wa kulimba kwa konkire), ndiye iyenera kupirira mphamvu yopitirira 560 kN (kN ndi muyeso wa mphamvu imene makina akufinyira). Koma taonani, yasweka pa 400 kN. Mukagawa ndi kukula kwa nkhope ya kyubu, mukupeza 17.8 MPa basi.

Apa ndi pamene mnzanu wa m'gulu amanong'ona kuti, "Aise, tingolemba 26, adziwa ndani?"

Musalembe. Nambala ya 17.8 ija ndiye phunziro lenileni la tsikulo. Dzifunseni kuti chachitika n'chiyani. Mwina madzi munathira ochuluka kuti konkire ifewe. Mwina simunaitsendere mokwanira m'chikombole, ndiye m'kati munatsala timibowo ta mpweya; yang'anani zidutswazo, timibowoto timaoneka ndi maso. Mwina madzi a m'thanki anaphwera kyubu n'kuuma msanga. Mwinanso munaiika molakwika m'makina, mbali yokhakhala ya pamwamba pa kyubu n'kugunda chitsulo chofinyira. Lipoti lofotokoza zimenezi momveka limapeza malikisi abwino kuposa lipoti la manambala osalala. Aphunzitsi ndi atekinishani amawadziwa bwino makina awo, moti gulu likabweretsa zotsatira zofanana ndendende ndi za m'buku, amayamba kukayika pomwepo.

[Pa sikirini: dzanja likulemba m'kope]

N'chifukwa chake kope la mu labu lili ndi malamulo ake. Lembani ndi bolopeni, osati pensulo. Lembani deti, dzina la chipangizo ndi nambala yake. Lembani muli pomwepo, musadikire kuti mukakumbukira madzulo ku hositelo. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti nambala yoyambayo izionekabe, kenako lembani yolondola pambali ndi chifukwa chake. Tsamba silithothoka. Muyeso ukakudabwitsani, bwerezani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma muyeso woyamba uja musaufufute, ndipo ngati simukuugwiritsa ntchito powerengera, nenani poyera m'lipoti.

Za chitetezo tidutse msanga, poti mumaziona pakhoma tsiku ndi tsiku. Nsapato zotseka, ovolosi, magalasi otchinga maso. Pa makina a lathe, amene amazunguza chitsulo pochisema, manja a malaya asalendewere, tsitsi limangidwe, magolovesi asavalidwe, ndipo kiyi wa chuck, chogwirira chitsulocho, asatsalire pamakinapo. Ku labu ya magetsi, musayatse mphunzitsi kapena tekinishani asanaone mmene mwalumikizira mawaya, ndipo kumbukirani kuti kachipangizo kotchedwa kapasita kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Chida chikawonongeka m'manja mwanu, kanene. Mukachibwezera mwakachetechete, gulu lotsatira lidzayezera chida chabodza.

Tsopano nkhani yokopera. Ambiri amaganiza kuti kubera ndi likasa la m'mayeso lokha. Ayi. Kutenga lipoti la amene anadutsa chaka chatha n'kusintha dzina ndi kubera. Kusainira mnzanu amene sanabwere ndi kubera, ndipo nonse awiri muli pamlandu. Gulu likayezera limodzi, manambala akhoza kufanana, palibe vuto, koma ngati aphunzitsi anati aliyense alembe lake, kuwerengera, magirafu ndi kufotokoza zikhale za mutu wanu. Mawu kapena chithunzi mwatenga m'buku kapena pa intaneti, tchulani kumene mwachitenga. Za ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yolemba mayankho, aphunzitsi amasiyana, funsani musanayambe. Koma kuipempha kuti ikupekereni zotsatira za ntchito imene simunaigwire ndi bodza, ndipo palibe amene angakuvomerezeni. Zilango zimayambira pa ziro, kubwereza kosi, mpaka kuimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu. Werengani buku la malamulo a yunivesite yanu, muzidziwe.

Ine chimene chimandiwawa si chilangocho. Mawa lino inuyo mudzakhala pa saiti, kontilakita atakuimirirani kuti musaine msanga alandire ndalama. Kyubu yomweyi ndi imene idzanene ngati silabu ya kalasi kapena mlatho ili yolimba. Dzanja limene linazolowera kusandutsa 17.8 kukhala 26 silidzanjenjemera tsiku limenelo, koma pansi pa silabuyo padzakhala ana a anthu.

[Pa sikirini: galimoto ili pamsewu, zida zoyezera zili kumbuyo]

Timalize ndi zimene zinachitika ku America. Kagulu ka ofufuza ka ku West Virginia University, mmene munalinso ophunzira, kanamangirira zida zoyezera utsi pa magalimoto a dizilo n'kumawayendetsa pamsewu weniweni. Magalimoto awiri a Volkswagen anatulutsa utsi woipa wa NOx wochuluka kangapo kuposa malire a boma, pamene mu labu magalimoto omwewo ankaoneka kuti ali bwino. Manambalawo anali osayembekezereka, ndipo kukanakhala kosavuta kungoti zida zalakwitsa. Iwo anaonanso zida zawo, nabwereza, n'kulemba zimene anapeza mu lipoti la mu 2014. Mu Seputembala 2015, bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linaimba kampaniyo mlandu, ndipo Volkswagen inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyezedwa, n'kuchepetsa utsi pa nthawi yokhayo.