Bambo a ana anga anabwera ku Scotland, ndi nkhani ya foni ya 3 koloko usiku

Moni moni abale anga kulikonse komwe mukumvera, kaya muli pa naiti ngati ine kaya muli mu minibasi ya ku Limbe, takulandiraninso. Lero mundipirire mawu akusasa, kuno ku Glasgow kwazizira zedi komanso ndangofika kumene kuchokera ku eyapoti kokaperekeza bambo a ana anga. Anabwera kudzandiona masabata 6 ndiye mtima sunakhazikike bwinobwino.

Ena mumandifunsa ku inbox kuti bwanji simukhalira limodzi. Nkhani yake ndi iyi, ine ndinabwera pa viza yosamalira okalamba, ndipo kuyambira pa 11 Malichi 2024 boma la kuno linatseka zoti ife a ntchito imeneyi tizibwera ndi amuna athu kapena ana. Mapepala anga anatuluka lamulolo litayamba kale. Ndiye iwo ali ku Zomba ndi ana, ine kuno ndekha. Anabwera pa viza ya alendo ija yosalola kugwira ntchito, kukadinda zala ku Lilongwe, kudikira, kenako ndege pa Chileka kudzera Addis Ababa mpaka London.

Koma ndiyambe ndi foni. Bambowa ndi mkulu wa mpingo ku CCAP, chiyambire banja lathu 5 koloko m'mawa amadzutsa nyumba yonse kuti tipemphere. Nditachoka anati mayi, izi sizisiyika. Nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye 5 koloko ya ku Zomba ndi 3 koloko ya usiku kuno, nthawi yeniyeni ya buleki yanga pa naiti. Ndimakhala m'kachipinda komwera tiyi, foni m'khutu, ndikumva atambala akulira kwathu, ana akuyasamula, iwo akuwerenga Salimo. Mawotchi akasintha kumapeto kwa Malichi ndimapempha anzanga kuti buleki yanga ikhale 4 koloko. Masiku ena bandulo yatha, ena magetsi athima foni yafa, ndiye amanditumizira voice note masana ndimakamvera mu basi. Koma kunena zoona panali masiku omwe ndinkamva ngati iwo sakudziwa kutopa kwanga, akupemphera motalika pomwe ine belu la agogo ena likulira ndikuyenera kuthamanga.

Atafika mu Novembala, chinthu choyamba chinawadabwitsa ndi mdima. Dzuwa kulowa 4 koloko isanakwane! Chachiwiri chinawapweteka ndithu, matchalitchi. Tikuyenda m'tauni ndikuwaonetsa kuti iyi inali tchalitchi pano ndi malo odyera, iyo anaisandutsa mafulati, anangoti zii. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu opitirira theka kuno ku Scotland, 51 pa 100 alionse, amati alibe chipembedzo. Kwa munthu wa Sinodi ya Blantyre zimenezi ndi zolemera, pajatu mishoni ya Blantyre ija inayambitsidwa ndi Church of Scotland mu 1876, ndipo tchalitchi ya St Michael and All Angels yomwe timanyadira ija anaitsogolera kumanga ndi m'Scotland, David Clement Scott, kumaliza 1891. Tinakwera sitima pa Glasgow Central kupita ku Blantyre wa kuno, kamtauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Bambowa anaima m'kachipinda kamodzi kaja komwe banja lonse la Livingstone linkagona, atamva kuti mnyamatayo anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, anavula chipewa nkupemphera chamumtima misozi ikulengeza.

Pobwerera mu basi ndinangoona akutulutsa Baibulo nkuyamba kudzuka, monga amachitira alaliki pa Wenela basi isananyamuke. Ndinawagwira mkono, ndinati bambo chonde kuno sizitero, anthu aona ngati mukuwasokoneza. Anakhala pansi koma anakhumudwa, usiku wake anandifunsa kuti mayi, kodi dziko lino lakuchititsani manyazi ndi Yesu? Funso limeneli linandilasa, ndinalira. Ndinawafotokozera kuti ngakhale kuntchito sindiloledwa kulalikira anthu omwe ndikuwasamalira, pokhapokha iwo eni atapempha kuti tipemphere, ndipo ndikuona kuti nzoyenera chifukwa munthu wogona pabedi alibe kothawira. Koma ndikamusambitsa gogo mwaulemu, kumupesa tsitsi, kumugwira dzanja akuopa usiku, ine ndimadziwa amene ndikumutumikira.

Sanayankhe. Koma pansi pa fulati yanga pamakhala madala ena, akazi awo anamwalira, ine chaka chonse tinkangopatsana moni pa masitepe basi. Bambowa poti masana alibe chochita ine ndikugona, anayamba kuwatulutsira mabini, kenako tiyi, kenako mpira pa TV, chizungu cha ku Glasgow sakuchimva bwino koma akungoseka limodzi. Masabata atatu osatchula za tchalitchi ngakhale kamodzi, anangomvetsera madalawo akukamba za akazi awo. Tsiku lina madala aja okha anati chiikire maliro sanapondeko ku tchalitchi, ndipo anafunsa ngati angawapempherere. Anapemphera mu Chichewa chifukwa chizungu chinawathawa, madala akungogwedeza mutu. Sabata yathayi tinapita nawo ku mapemphero, anakhala kumbuyo kwenikweni osaimba, koma anafika. Dzulo bambowa anawaikira WhatsApp pa foni ndi kuwaphunzitsa kutumiza voice note, ndipo andisiyira ntchito yoti Lachinayi lililonse ndizikagogoda.

Nanga foni ya 3 koloko ija? Sinaime. Ine ndili kuntchito, iwo ali m'fulati mwanga atafunda bulangete ziwiri, ana ali ku Zomba ndi azakhali awo, tonse pa call imodzi. Tsiku loyamba kudzuka 3 koloko m'chisanu chimenechi anamva belu likulira kumbali yanga, ndikuthamanga, ndikubwerera ndikupuma mwabefu. M'mawa ndikulowa m'nyumba 8 koloko itadutsa ndinapeza phala lili pa moto, anandilandira chikwama nkunena kuti mayi, sindinkadziwa. Kuyambira tsiku limenelo pemphero lawo ndi la mphindi 10, ndipo amayamba ndi kutchula okalamba anga.

Pano ali m'njira, sutikesi yadzaza majekete a ana ndi timphatso ta amayi a Mvano omwe ankatipempherera za viza. Usiku uno ndili pa naiti, 3 koloko ikamakwana adzakhala ali m'mwamba opanda netiweki, ndiye mwana wathu woyamba wanditumizira meseji kuti amama musadandaule, ndiyimba ndine, Salimo 121 ndakonza kale. Ndikagone kaye pang'ono, tionana sabata yamawa.