Makalata a Omvera: Khoma Lada ndi Nkhungu, Alandilodi Akuti Adzapenta

Tipitirize ndi makalata anu. Iyi yachokera ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, kwa mayi amene apempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Achimwene, ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri. Chiyambireni mvula mu Disembala, khoma la kuchipinda lada bii kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Pulasitala akuyoyoka, nsapato za kutchalitchi zachita nkhungu kunsi kwa bedi, ndipo mwana wanga wodwala mphumu akuchezera kutsokomola. Alandilodi akungoti adzapenta mvula ikatha. Nditani?"

Pepani mayi. Za pentizo musavomere msanga. Khoma likamanyowa kuyambira pansi n'kukalekezera cha pa mita imodzi, kawirikawiri madziwo akuchokera m'nthaka. Mwina pomanga sanayale pulasitiki wa pa fandeshoni uja amisiri amati DPC (eni nyumba ena amadumpha zimenezi poumira ndalama), kapena madzi a padenga akugwera m'tsinde mwa khoma n'kumadikha pomwepo. Mukapenta pamenepo, mvula ya chaka chamawa penti adzatukusira, nkhungu n'kubwereranso.

Mvula ikamagwa tulukani, mukaone kumene madzi akuthamangira kuseri kwa chipindacho. Jambulani pafoni, zithunzizo muwatumizire alandilodi pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndipo muwapemphe akumbe ngalande, aikenso simenti m'mbali mwa khoma. Akati konzani nokha tidzachotsera pa lendi, mulemberane papepala, asayine. Zapakamwa zimakanidwa mwezi ukatha.

Pakali pano bedi ndi wadiropu muzisunthe, zisagunde khoma. Mawindo azikhala otsekula masana, zochapa musayanike m'chipindamo. Nkhunguyo ipukuteni ndi Jik wothira m'madzi, mutavala magolovesi, mwana ali panja. Jikiyo musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Mwanayo azigona pabalaza, ndipo mupite naye kuchipatala sabata ino.

Ina yaifupi yachokera kwa mnyamata wina wa ku Bangwe. Akuti iye amaumitsa chipinda posiya mbaula ya makala usiku wonse, chitseko ndi mawindo zili zotseka.

Mphwanga, leka lero lomwe. Makala akamayaka motsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Mbaulayo izigona panja. Dzuwa likawala, tulutsa matiresi ukaayanike, chitseko uchisiye chotsekula.