Makalata a omvera: kavulumvulu wa ku Kentucky m'nyengo yachisanu

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Kasungu. Akuti: "Achimwene, mphepo ija inasakaza ku Kentucky, m'dziko la America, mu Disembala 2021, kodi si namondwe ngati Freddy? Nanga inabwera bwanji m'nyengo yachisanu?"

Zikomo amayi, koma ayi, n'zosiyana. Namondwe amabadwira panyanja, amakuta dera lalikulu ndipo amatha masiku. Ya ku Kentucky ija inali tornado, kavulumvulu wotsika mumtambo wa mabingu, wopapatiza koma waukali zedi. Wa usiku wa pa 10 Disembala uja anakwakwaza pansi makilomita oposa 260, kudutsa matauni a Mayfield ndi Dawson Springs, mphepo ikuthamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, n'kupha anthu 57. Tsikulo kunafunda modabwitsa. Mpweya wachinyezi wochokera kunyanja ya Gulf of Mexico unagundana ndi wozizira, pomwe mphepo ya m'mwamba inkathamanga kwambiri n'kumalowera kwina kusiyana ndi yapansi. Kusiyanako n'kumene kumapota mtambo ngati chingwe.

Yachiwiri ndi ya mmisiri wa zomangamanga wa ku Indiana: "Bambo muulutsi, auzeni anthu kuti nyumba imagonja kuyambira kudenga. Mphepo ikathyola zenera kapena chitseko cha galaja, imalowa n'kutukula denga kuchokera mkati. Misomali yokha siigwira. Pafunika tizitsulo tolumikiza mitengo ya denga ndi khoma, komanso mabawuti omangirira khoma kumaziko. Usiku womwewo ku Edwardsville, m'chigawo cha Illinois, makoma aatali a konkire a nyumba yosungiramo katundu ya kampani ya Amazon anagwa, anthu 6 anafa. Makoma otere amaima podalira denga."

Mwanenetsa bambo. Ine ndiwonjezepo za usiku, chifukwa mumdima kavulumvuluyu saoneka, ena amakhala ali mtulo. Ku fakitale ya makandulo ku Mayfield munali antchito oposa 100 a shifiti yausiku pomwe inafafanizika. Masayilini ochenjeza za kavulumvulu anawapangira anthu amene ali panja, ndiye foni, yomwenso imalandira chenjezo, izigona pafupi, isazimitsidwe. Chenjezo likalira pamangotsala mphindi zochepa. Thawirani kuchipinda chapansi pa nthaka, kapena kachipinda kapakati kopanda zenera, fundani matiresi kumutu, nsapato kuphazi, poti potuluka n'kuponda misomali ndi magalasi okhaokha.

Kukacha mavuto ndi ena: magetsi kulibe, kuzizira kwabwerera, ndipo ku Mayfield ngakhale thanki yaikulu yamadzi inagwa. Jenereta iziyakira panja, kutali ndi mazenera. Utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.