Setilaiti Siikoka Chingwe

Muli bwanji abale anga a kum'mawa, kaya mukumvera muli ku Joni, ku Durban, ku Walvis Bay, ndi inu a kwathu kuno. Lero ndikulankhula ndili ku Mchini, pakhonde pa amayi, ndiye mukamva tambala kapena ana musadabwe. Magetsi apita, koma foni ili ndi moto wokwanira kuti nditulutse zomwe zili kukhosi.

Dzana pabasi, titangowoloka mlatho wa Luangwa, netiweki inagwira, pepala la malipiro n'kulowa pa WhatsApp. Ovataimu yonse ya ulendo wathawu palibe. Ejenti wa ntchito yathu ya pasitima walemba maola wamba basi. Ndinafika ku Nyimba mtima ukuwira, amayi ogulitsa nthochi akuitana pawindo, ine osawaona n'komwe.

Amene mwangoyamba kumvera, ine ndimagwira padeki ya sitima ya kafukufuku yonyamukira ku Cape Town. Inde, mwana wa ku Chipata, amene madzi aakulu oyamba kuwaona anali damu la Lutembwe. Lero mafunde akamenya sitima, anyamata obadwira kugombe amathamangira ndowa kukasanza, ine ndili chilili ndi kapu ya tiyi. Funsani amene tinali nawo.

Kuti mumvetse kuba kwa ejentiyu, muyenera kudziwa chomwe chinkatidzutsa usiku. M'mphepete mwa South Africa muli mtsinje woyenda m'kati mwa nyanja, dzina lake Agulhas. Ndi madzi ofunda a Indian Ocean, amatsika kudutsa Durban ndi East London, pena liwiro lake kupitirira mamita 2 pa sekondi. Akafika kunsonga kwa Africa amakhota n'kubwerera kum'mawa, ndipo ena amaduka n'kumazungulira okha ulendo wa ku Atlantic. Chakum'mwera kwake amakumana ndi madzi ozizira, ndipo malire amenewo ndiwo asayansi athu amasaka. Amene munafikapo ku Feira, pomwe Luangwa wa matope amalowa mu Zambezi osasakanikirana msanga, mwaiona nkhaniyi. Pamalirepo mtundu wa madzi umasintha, nkhungu imagwa, mbalame zimachuluka, ndipo nambala ya kutentha pa kompyuta imatsika uku mukuyang'ana.

Tsono pali setilaiti. Mayi wina wasayansi, munthu wabwino, amakonda kutifotokozera tikamamwa khofi. Akuti setilaitiyo simayeza liwiro la madzi ayi, imayeza msinkhu wa nyanja. Madzi ofunda amafufuma n'kuima pamwambako pang'ono, moti tsidya lina la Agulhas limakwera pafupifupi mita imodzi kuposa linzake. Chifukwa dziko limazungulira, madziwo satsetsereka kutsika phirilo, amayenda chammbali mwake. Ukadziwa kutsetsereka kwa nyanja, wadziwa komwe madzi akulowera ndi changu chake. Ntchitoyi inakula mu 1992 ndi setilaiti ya TOPEX/Poseidon, ndipo mu Disembala 2022 a NASA (bungwe la ku America la zamlengalenga) ndi Afalansa anatumiza ina yotchedwa SWOT. Imeneyo imayenda pafupifupi makilomita 890 m'mwamba, n'kumajambula mzere wa nyanja wotambalala makilomita 120.

Koma iyo imaona pamwamba pokha. Za pansi zimafuna manja, ndipo manjawo ndi athu. Pali chitsulo chachikulu chozungulira, cha mabotolo 24, chomwe timati CTD. Timachikoleka pawinchi n'kuchitsitsa mamita 1,000, pena 2,000, chikuyeza mchere, kutentha ndi kuya. Kunsi kwa sitima kuli makina ena, ADCP, amene amatumiza phokoso m'madzi n'kumvera kubwerera kwake kuti adziwe liwiro. Amenewo savuta, amagwira okha. Chovuta ndi CTD mphepo ikamawomba mopenyana ndi mtsinjewo, chifukwa mafunde amaima njo, chitsulo chija chikulendewera, inu mwagwira zingwe kuti chisamenye khoma la sitima kapena mutu wa mnzanu.

Ndiye asayansi amafuna kuti chitsulocho chikhale m'madzi pa nthawi yomwe setilaiti ikudutsa pamwamba pathu, kuti afananitse zakumwamba ndi zapansi. Setilaiti sidziwa shifiti. Ikati 2 koloko usiku, ndi 2 koloko usiku. Bosani, kapitawo wa padeki, amagogoda, mumavala zamvula zisanaume, mumatuluka. Malirewo nawo sakhala malo amodzi, mawa asuntha, sitima iwalondole, ntchito iyambirenso. Zala zimachita kufa ndi chisanu. Maola amenewo ndiwo munthu wokhala muofesi ya mphepo yozizira wawafufuta. Dzina lake sinditchula, akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti mlamu wake amamvera pulogalamu ino.

Apa ndiime kaye ndilalikire, achinyamata mumve. Mukapita kunja, gulani kabuku. Lembani ola lomwe mwayamba ndi lomwe mwaweruka, tsiku ndi tsiku, bosani asainire. Jambulani bolodi la mashifiti lisanafufutidwe. Ife anthu a kum'mawa tinaleredwa ndi ulemu, kugwada, kuwomba m'manja, kuyankha kuti zikomo ngakhale atakuponda phazi. Ulemuwo ndi wabwino kwa amalume ndi kwa amfumu, koma ejenti akauona amawerengera phindu. Amadziwa kuti mlendo amaopa kufunsa chifukwa cha mapepala. Ine mapepala anga ali bwinobwino, kabuku kanga kali m'chikwama, ndipo asayansi amalemba nthawi ya CTD iliyonse mpaka mphindi yake. Akufuna kukangana ndi mabuku a anthu oyeza nyanja? Tiyeni nazoni. Inu amene tinali limodzi ulendowu, musakhale chete poganiza kuti akuchotsani pamndandanda. Tumizani zithunzi za mapepala anu kugulu lathu lija, tipite pamodzi.

Chinandisangalatsa ulendo uno n'chakuti anandilola kuponya Argo m'madzi. Ndi chitini chachitali chomwe chimamira chokha mpaka mamita 2,000, n'kutumphuka pakatha masiku 10 alionse kutumiza zomwe chapeza kudzera pa setilaiti. Zilipo pafupifupi 4,000 m'nyanja za dziko lonse. Chimodzi mwa izo chinachoka m'manja mwa mwana wa ku Mchini, ndipo pano chikuyandama kwinakwake kum'mwera, kopanda pasipoti, kopanda wochifunsa pemiti. Chili ndi mwayi kuposa ife.

Dzulo ku Kapata ndinakumana ndi amalume akugula mbewu. Nditawafotokozera zonsezi anangoti, "Mphwanga, ndiye tiuze, mvula ya chaka chino ibwera bwanji?" Ndinawauza zoona, kuti chinyezi chambiri cha mvula yathu chimachokera ku Indian Ocean, ndiponso kuti chilala cha 2024 chomwe chinawotcha chimanga ndi kuchepetsa madzi ku Kariba chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a ku Pacific, kutali kwenikweni. Koma za chaka chino ndinati amvere a zanyengo pa wailesi, ine ntchito yanga ndi chingwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nati ngati sindingalosere mvula, ndiwalipirireko thumba la feteleza. Ndinalipira, ndi ndalama zomwe ejenti sanatumize.