Udzu M'khutu: Tidziwa Bwanji Kuti Achimpanzi Ali ndi Miyambo?

Moni nonse amene mukuonera. Nkhani ya lero tiyiyambira ku Zambia, kufupi ndi tauni ya Chingola, kumene kuli malo osungirako achimpanzi amasiye otchedwa Chimfunshi. M'chaka cha 2010, wofufuza wina, Edwin van Leeuwen, anaona chimpanzi wamkazi dzina lake Julie akutola kaudzu, n'kukalowetsa m'khutu, n'kukasiya kali lende pamene iye ankapitiriza kusewera ndi kupuma ngati palibe chachitika. Kaudzuko kanalibe ntchito iliyonse yooneka, komabe mwana wake Jack anayamba kuchita zomwezo, anzake n'kutsatira, mpaka achimpanzi 8 mwa 12 a m'gululo ankaoneka ndi udzu m'makutu. Julie atamwalira, ena anapitirizabe.

Funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo ndi lakuti: tikaona nyama ikuchita chinthu chanzeru, tidziwa bwanji kuti yaphunzira kwa zinzake, osati kuti inabadwa nacho kapena kuti malo amene ikukhala ndiwo aikakamiza? Mu 1960, ku Gombe m'dziko la Tanzania, wofufuza Jane Goodall anaona chimpanzi amene anamutcha David Greybeard akulowetsa udzu m'chulu n'kuutulutsa utadzaza chiswe, ndipo anaonanso achimpanzi akupulula masamba pa timitengo kuti tikhale zida zowedzera chiswecho. Zimenezi zinagwetsa chikhulupiriro chakuti munthu yekha ndiye amapanga zida, koma sizinatsimikizire za mwambo, chifukwa wotsutsa akanatha kunena kuti njala ndiyo mphunzitsi.

Umboni wamphamvu unachokera ku Mahale, kum'mwera kwa Gombe, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Kumeneko ofufuza William McGrew ndi Caroline Tutin anaona achimpanzi awiri atakhala moyang'anana, aliyense atakweza mkono umodzi m'mwamba n'kugwirana manja pamwamba pa mitu yawo, kwinaku dzanja linalo likusanthula ubweya wa kukhwapa kwa mnzake. Ofufuza awiriwa anali atagwirapo ntchito ku Gombe ndipo anali asanaonepo zimenezi, ngakhale kuti achimpanzi a malo awiriwa ndi a mtundu umodzi ndipo nkhalango zawo sizisiyana kwenikweni. Zimene anaonazo anazisindikiza mu 1978. Kunena zoona, kagwiridwe ka manja kameneka n'kofunika kwambiri pa mtsutsowu kuposa zida zonse, pa chifukwa chomwe chija cha udzu wa Julie: sikakhutitsa mimba, choncho sitingakafotokoze ndi njala.

Nkhani ya mtedza imaloza komweko. Ku Bossou m'dziko la Guinea, chimpanzi amaika mbewu ya kanjedza wa mafuta pa mwala wafulati n'kuiphwanya ndi mwala wina, ndipo mwana amakhala pambali pa mayi ake kwa zaka zingapo, kuyang'anitsitsa, kutola zotsala, kumenya molakwika, asanathe kuswa yekha. Ku Gombe kanjedza yemweyo aliko, miyala iliko, koma achimpanzi akumeneko amadya mnofu wa chipatsocho osaswa mbewu yake. Mu 1999, Andrew Whiten ndi anzake anasonkhanitsa zimene zinalembedwa m'malo 7 ofufuzirako kwa nthawi yaitali, ndipo anapeza makhalidwe 39 amene ali ofala m'magulu ena koma osapezeka m'magulu ena popanda chifukwa chochokera ku malo.

Nanga luso lotengera kwa anzawo linachokera kuti? Mbali yaikulu ya yankho ili pa ubwana wautali ndi moyo wa m'gulu. Mwana wa chimpanzi amayamwa kwa zaka pafupifupi 5, ndipo nthawi yonseyo amakhala akuona zimene akuluakulu akuchita, komanso akuphunzira amene ali ndi mphamvu, amene ndi bwenzi la ndani, ndi amene sayenera kumuputa. Ofufuza ambiri amaganiza kuti kusunga m'mutu maubale ochuluka chotere n'kumene kunakulitsa ubongo wa anyani, apusi ndi achimpanzi, ngakhale kuti ena amaika patsogolo vuto lofunafuna chakudya. Popeza makolo athu ndi a achimpanzi anasiyana zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, n'kutheka kuti kholo limene tinachokerako tonse linali kale ndi kaluso kameneka.

Pali malire ake, ndipo sitiyenera kuwabisa. M'nkhalango ya Taï ku Côte d'Ivoire, akatswiri ofukula zakale anapeza miyala yoswera mtedza ya zaka pafupifupi 4,300, imene amakhulupirira kuti ankaigwiritsa ntchito ndi achimpanzi. Mwambowo wadutsa mibadwo yambirimbiri osatayika, koma chida chake sichinasinthe kwenikweni, ndipo chimpanzi wa ku Taï lero akuswabe mtedza ndi mwala wosasema monga ankachitira makolo ake.