Momwe mungadziwire ngati khothi latulutsa waranti pa dzina lanu kuno ku Indiana

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, nkhani yanga lero ndi ya makhothi, makamaka chikalata chomwe kuno amachitcha bench warrant. Ndikudziwa kuti ena mitima yagunda kale pongomva mawu oti khothi. Khalani pansi mtima, chifukwa zomwe ndikufuna mutenge pano n'zoti mukhoza kudzifufuzira nokha, muli m'nyumba mwanu, wapolisi asanakufufuzireni m'mbali mwa msewu.

Bench warrant ndi lamulo lomwe woweruza amasainira, louza apolisi kuti akakupezani akugwireni n'kukubweretsani pamaso pake. Kawirikawiri chifukwa chake sichikhala mlandu watsopano ayi. Khothi linakuitanani, inu osapita. Kapena linakulamulani kanthu, monga kukaonekera kwa ofesala wa probation, yemwe amayang'anira munthu wogwira chilango ali kunja kwa ndende, kapena kumaliza maphunziro omwe amapatsa anthu ogwidwa akuyendetsa galimoto ataledzera, inu osachita. Woweruza akaitana dzina lanu n'kumva zii, amasaina basi.

Anthu athu ambiri amalowa m'vutoli kudzera pa galimoto. Tikiti ya liwiro kuno ku Indiana si mlandu womangitsa munthu, amaitcha infraction. Mukapanda kulipira kapena kukaonekera, khothi limadziwitsa a BMV, ofesi yoona za malaisensi a galimoto, ndipo iwo akhoza kuimitsa laisensi yanu. Kalata yonena zimenezi imapita ku adiresi yomwe ali nayo, pomwe inu munasamuka kalekale. Ndiye mukuyenda ndi laisensi yoimitsidwa osadziwa. Kugwidwa koyamba ndi infraction, koma mukagwidwanso zaka 10 zisanathe, mlandu umasanduka Class A misdemeanor, womwe chilango chake chimatha kufika chaka chimodzi m'ndende ndi chindapusa cha madola 5,000. Amene sanakhalepo ndi laisensi n'komwe, wake ndi Class C misdemeanor, mpaka masiku 60 ndi madola 500. Chomwe chimasokoneza n'chakuti wapolisi nthawi zina sakumangani. Amakupatsani pepala looneka ngati tikiti wamba, koma ndi chisamani, pali tsiku ndi ola lokaonekera ku khothi. Munthu waweruka ntchito ya usiku ku nursing home, watopa, waponya pepala m'galimoto, waiwala. Waranti imabadwira pamenepo.

Pali mphekesera ina yomwe ndikufuna ithere m'chipinda chino. Ena amati ukangodikira miyezi isanu ndi umodzi waranti imafa yokha. Gwero la mphekeserayi ndi loona pang'ono chabe. Lamulo la Indiana limati waranti yomangira munthu pa mlandu wa misdemeanor imatha pakapita masiku 180, koma woimira boma pa milandu akhoza kupempha kuti aitulutsenso. Lamulo lomwelo limanenanso kuti waranti ya mlandu waukulu wa felony, komanso waranti yogwiranso munthu pa mlandu uliwonse, siitha konse. Choncho musawerengere kalendala. Waranti ikalowa m'makompyuta a apolisi, a boma la Indiana otchedwa IDACS kapena a dziko lonse a NCIC omwe amayendetsa a FBI, imangokhala phee kudikira tsiku lomwe nyali yakumbuyo ya galimoto yanu idzazime.

Tsopano kafufuzidwe kake. Indiana ili ndi ma county 92, ndipo milandu yambiri yomwe tikukambayi imazengedwa m'makhothi a county komwe nkhani inachitikira, osati komwe mumakhala. Mwayi wathu kuno ndi wakuti makhothi a ma county amagwiritsa ntchito dongosolo limodzi, ndipo aliyense akhoza kuona milandu pa intaneti pa mycase.in.gov. N'zaulere, ndipo simufunika kutsegula akaunti. Foni yanu yomweyo ikwanira. Mukatsegula, sankhani kufufuza ndi dzina, lembani dzina la bambo pa Last, lanu loyamba pa First.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa mayina athu amavuta makompyuta a kuno. Ngati dzina lanu lili ndi kachizindikiro kaja ka ng', yesani nako, yesaninso popanda. Ngati muli ndi mayina awiri a makolo, yesani lililonse palokha. Yesaninso kutembenuza, dzina loyamba kuika pomaliza, chifukwa wapolisi wolemba mofulumira usiku sadziwa kuti mwa mayina awiriwo la bambo ndi liti. Amayi amene munasintha dzina pa ukwati, fufuzani onse awiri. Ndipo mukaona dzina lofanana ndi lanu musakomoke msanga. A Banda ndi a Phiri alipo ambiri ngakhale kuno. Onani county, onani chaka, onani adiresi, kenako dzifunseni ngati munali kumeneko nthawi imeneyo.

Nambala ya mlandu payokha imakuuzani zambiri. Manambala awiri oyambirira ndi a county: 71 ndi St. Joseph County kuno kwathu ku South Bend ndi Mishawaka, 20 ndi Elkhart, 49 ndi Marion County ku Indianapolis. Manambala anayi apakati ndi chaka ndi mwezi womwe mlandu unatsegulidwa, ndiye 2305 ndi Meyi 2023. Kenako pamabwera zilembo. IF ndi infraction, CM ndi misdemeanor, F yotsatana ndi nambala, monga F6, ndi felony, SC ndi milandu ing'onoing'ono ya ngongole. Mukaona IF yokha, vuto lanu mwina lili pa laisensi. Mukaona CM kapena F, tsegulani muwerenge bwinobwino.

M'kati mwa mlandu muli ndandanda wa zonse zomwe zachitika, tsiku ndi tsiku, wotchedwa Chronological Case Summary. Werengani kuyambira pamwamba mpaka pansi, musadumphe. Mukufunafuna mawu oti Failure to Appear, omwe akusonyeza kuti simunabwere, ndi mawu oti Warrant. Akalemba Issued, waranti inatulutsidwa. Served ndiye kuti munthu anagwidwa kale nayo. Recalled ndiye kuti woweruza anaichotsa. Ngati pali Issued koma pansi pake palibe Served kapena Recalled, itengeni kuti ikadali yamoyo. Nthawi zambiri pomwepo amalembanso ndalama ya belo, kapena kuti palibe belo mpaka muonane ndi woweruza. Lembani nambala ya mlandu ndi dzina la khothi pa pepala.

Koma kusapeza kanthu pa MyCase si umboni wokwanira kuti muli oyera. Milandu ya ana siioneka, milandu yomwe khothi labisa siioneka, ndipo waranti ya mlandu watsopano nthawi zina imabisidwa mpaka munthu atagwidwa. Komanso Michigan ili pafupi kwambiri. Ambiri timadutsa ku Niles ngati tikupita kuseri kwa nyumba, koma kumeneko ndi Berrien County, boma lina, makhothi ena. MyCase sidzakuonetsani za kumeneko, muyenera kuyang'ana pa MiCOURT, tsamba la makhothi a ku Michigan, kapena kufunsa khothi la komweko. Amene munakhalapo ku Texas, ku Maryland kapena kwina, fufuzani county iliyonse yomwe munalandirako pepala la wapolisi. Mukakayika, imbirani ofesi ya Clerk wa khothi, perekani nambala ya mlandu, funsani momwe zinthu zilili. Chomwe sindikulangizani ndi kupita nokha ku ofesi ya sheriff kukafunsa pa kauntala, chifukwa ngati waranti ilipodi, ali ndi udindo wokugwirani pomwepo. Masamba a pa intaneti olipiritsa aja, omwe amati akupezerani mbiri ya munthu, asiyeni. Amagulitsa zinthu zakale zomwe khothi limapereka ulere.

Mwaipeza waranti, nanga muchite chiyani? Pezani loya wa milandu yaupandu musanaponde ku khothi. Loya akhoza kulembera woweruza pempho loti waranti ichotsedwe n'kuika tsiku latsopano, amati motion to recall warrant. Woweruza sakakamizika kuvomera, koma munthu wobwera yekha ndi chifukwa chomveka, monga kalata inapita ku nyumba yakale kapena anali m'chipatala, amaoneka mosiyana kwambiri ndi munthu wobwera ndi unyolo. Ngati loya wanena kuti mukadzipereke, konzekani. Pitani m'mawa pakati pa sabata, ndalama ya belo ili m'manja mwa wachibale, ana muli mutapeza wowasamala, kuntchito mutapempha tchuthi. Wogwidwa pamsewu Lachisanu madzulo akhoza kugona m'chitokosi mpaka Lolemba, galimoto itakokedwa, mashifiti atajomba, ndipo ntchito zathu zosamalira okalambazi sizichedwa kutha.

Ngati mulibe ndalama ya loya pa mlandu womwe ungakutsekereni m'ndende, pemphani woweruza akupatseni public defender, loya wolipidwa ndi boma. Maziko a ufulu umenewu ndi chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Gideon v. Wainwright mu 1963. Pemphaninso womasulira. Nenani Chichewa, ndipo akapanda kuchipeza pa mndandanda wawo nenani Nyanja. Chingerezi cha kuntchito ndi cha m'khothi n'zosiyana, palibe manyazi pamenepo.

Abambo apa afunsa ngati waranti ingakhudze mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo ndi funso lomwe ambiri ali nalo mumtima. Abambo, munthu akalowetsedwa m'ndende ya county amamutenga zidindo za zala, ndipo zimapita ku FBI komanso ku nthambi yoona za olowa m'dziko. N'chifukwa chake amene si nzika ayenera kuuza loya wake zoona zokhazokha za mapepala ake, ndipo ngati n'kotheka aonanenso ndi loya wa za immigration asanadzipereke kapena kuvomera mlandu uliwonse. Mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, Supreme Court inagamula kuti loya ayenera kuuza munthu amene si nzika ngati kuvomera mlandu kungamuthamangitse m'dziko. Musavomere mlandu pongofuna kuti zithe msanga mubwerere kuntchito. Dziwaninso kuti khothi la immigration ndi lapadera, silioneka pa MyCase. Tsiku lanu la kumeneko mumaliona pa dongosolo la EOIR, ofesi yoyendetsa makhothi a immigration, pogwiritsa ntchito A-Number, nambala yanu ya pa mapepala a immigration, ndipo mukajomba kumeneko woweruza akhoza kulamula kuti muchoke m'dziko inu kulibe.

Amayi mwakweza dzanja, mukuti mwaimbiridwapo foni. Eya, zimenezo zafala. Munthu amaimba n'kunena kuti ndi wa ku ofesi ya sheriff, akuti muli ndi waranti chifukwa simunapite ku jury, gulu la nzika lomwe khothi limaitana kudzagamula mlandu, lipirani lero ndi ma gift card kapena Bitcoin. Ndi akuba amenewo, amayi. Khothi sililandira gift card, ndipo amene si nzika saloledwa n'komwe kukhala pa jury. Dulani foni, tsegulani MyCase nokha.

Za ngongole nazonso musazipeputse. Munthu samangidwa chifukwa cha ngongole ya lendi kapena ya chipatala, koma ngati pa mlandu wa SC woweruza anakulamulani kuti mubwere mudzafotokoze za chuma chanu inu osabwera, akhoza kutulutsa chikalata chotchedwa body attachment, ndipo wapolisi adzakugwirani nacho chimodzimodzi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi mochokera pansi pa mtima. Tsamba la MyCase ndi lotseguka kwa aliyense, ndiye kuti mukhoza kulembapo dzina la mnansi wanu kapena la mkamwini wa ena. Musalisandutse chida cha miseche pa magulu athu a WhatsApp. Mukaona m'bale ali ndi waranti, mutengereni pambali mumuuze yekha, mwina sakudziwa n'komwe. Amene foni ikukuvutani, achinyamata awiri akhala m'kachipinda kakumanjaku ndi kompyuta tikamaliza pano. Mulowe mmodzimmodzi, mulembe dzina nokha, ndipo ngati muli ndi pepala lililonse la wapolisi m'galimoto, katengeni mulowe nalo.